Dziko likatuluka m'gulu la osaukitsitsa, amaliperekeza ndani?



Pa 20 Disembala 2004, nthumwi za mayiko ku likulu la United Nations ku New York zinagwirizana kuti dziko la Maldives latukuka mokwanira, liyambe kukonzekera kutuluka m'gulu la mayiko osaukitsitsa. Maldives ndi tizilumba tambirimbiri m'nyanja yaikulu ya India, ndipo anthu ake amadalira usodzi ndi alendo odzaona malo. Patangodutsa masiku 6, pa 26 Disembala, chivomerezi chinagwedeza pansi pa nyanja kufupi ndi Indonesia, mafunde a tsunami n'kusefukira pa tizilumbato. Nyumba, mahotela, maboti ndi zitsime za madzi akumwa zinapita, ndipo katundu wowonongeka anaposa theka la chuma chimene dzikolo linkapanga pachaka. United Nations inaimitsa kaye dongosololo, Maldives n'kudzatuluka mu Januwale 2011.

Zotere sizinachitikire Maldives yokha. Samoa inali pakhomo potulukira pomwe tsunami ina inaigunda mu Sepitembala 2009, ndipo inadikira mpaka 2014. Vanuatu inayenera kutuluka mu 2017, koma namondwe Pam anaisasantha mu Malichi 2015, tsiku n'kusunthidwa kufika Disembala 2020. Nepal inakwaniritsa zoyenereza mu 2015, chaka chomwecho chivomerezi n'kupha anthu pafupifupi 9,000. Angola inapatsidwa tsiku, mtengo wa mafuta n'kugwa, tsikulo n'kusunthidwa, kenaka n'kuchotsedwa pa kalendala. Mayiko amene amafika pakhomopo amafika ali ndi mphamvu zochepa, moti tsoka limodzi limatha kuwabweza kutali. Ndiye funso langa lero ndi lakuti: dziko likamatuluka, mayiko olemera ndi mabungwe aakulu amaligwira bwanji dzanja, ndipo amaligwira kwa nthawi yaitali bwanji?

Nkhaniyi ndi yathu, abale anga. Pamene United Nations inakhazikitsa gululi mu 1971, pamndandanda panali mayiko 25, ndipo Malawi anali pomwepo. Sitinachokepo mpaka lero. Mozambique inalowa mu 1988, Zambia mu 1991. Zimbabwe itapezeka kuti ikuyenera kulowa inakana. Kuyambira 1971 kufika Disembala 2024, mayiko amene anatuluka ndi 8 okha: Botswana, Cabo Verde, Maldives, Samoa, Equatorial Guinea, Vanuatu, Bhutan, ndi São Tomé and Príncipe. Otsala anali 44, ndipo 32 mwa iwo ndi a kuno ku Africa.

Kutuluka sikubwera mwa chifuniro cha mtsogoleri. Pali komiti ya akatswiri yotchedwa Committee for Development Policy imene imakhala pansi zaka zitatu zilizonse n'kuyeza dziko lililonse pa zinthu zitatu. Choyamba ndi ndalama: chuma chonse cha dziko chikagawidwa mofanana, munthu mmodzi angalandire zingati pachaka? Pa kuyeza kwa 2024 mlingo wotulukira unali madola 1,306. Chachiwiri ndi anthu enieniwo: ana angati akumwalira asanakwanitse zaka zisanu, amayi angati akufa pobereka, ana angati ndi opinimbira, angati akufika ku sekondale, akulu angati amadziwa kuwerenga. Chachitatu ndi kufooka kwa dziko pamaso pa mavuto: kodi limadalira mbewu imodzi, lili kutali ndi doko, chilala ndi madzi osefukira zimaligwetsa kangati? Dziko likapambana pa ziwiri mwa zitatuzi, kawiri motsatizana, limapatsidwa zaka zokonzekera, kawirikawiri zitatu, kenaka n'kutuluka. Mvetsetsani pamenepa: ziwiri mwa zitatu. Ndiye kuti dziko likhoza kutuluka likadali lofooka kwambiri pamaso pa namondwe, bola ndalama ndi maphunziro zakwera. Mayiko ambiri a pazilumba anatuluka motero.

Nanga m'gulumo muli chiyani choti dziko liope kuchisiya? Chachikulu ndi msika. Kuyambira 2001, mayiko a European Union amalola katundu yense wa mayiko osaukitsitsa, kupatula zida zankhondo, kulowa popanda msonkho komanso popanda malire a kuchuluka kwake. Shuga wa ku Nchalo ndi ku Dwangwa walowa ku Ulaya pa khomo limeneli. Britain, Canada, Japan, Australia, China ndi India ali ndi makomo ofanana nalo, ngakhale kuti kukula kwake n'kosiyana. Chachiwiri ndi mankhwala. Malamulo a bungwe la zamalonda la World Trade Organization amakakamiza mayiko kuteteza kampani imene yatulukira mankhwala, kuti wina asawapange kwa zaka 20 popanda chilolezo chake. Mayiko osaukitsitsa anamasulidwa ku lamulo limeneli mpaka 1 Januwale 2033. Pali zinanso zing'onozing'ono: United Nations imalipirira ulendo nthumwi zisanu zopita ku msonkhano wake waukulu, chopereka cha dziko ku thumba la bungweli chili ndi malire otsika, ndipo mayiko ena monga Japan amabwereketsa ndalama pa chiwongoladzanja chotsikitsitsa.

Panalinso lonjezo la thandizo la ndalama. Mayiko olemera analonjeza, ndipo akhala akubwereza lonjezolo pa misonkhano ya ku Paris, Brussels, Istanbul ndi Doha, kuti adzipereka kwa mayiko osaukitsitsa pakati pa 0.15 ndi 0.20 peresenti ya chuma chawo cha pachaka. Ndi mayiko owerengeka okha amene amafikapo. Onse pamodzi sanafikepo pa mlingo wapansiwo.

Kuti timvetse bwino zimene zimatayika, tiyeni tipite ku Bangladesh, chifukwa palibe dziko lina limene linadyerera mwayi wa gululi ngati limeneli. Linalowa mu 1975, litangotuluka m'nkhondo ndi njala. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 mkulu wina wamalonda, Noorul Quader, anagwirizana ndi kampani ya Daewoo ya ku South Korea, n'kutumiza anthu 130 kukaphunzira kusoka zovala zogulitsa kunja. Atabwerako anagwira ntchito pa fakitale yake ya Desh Garments, koma ambiri mwa iwo pambuyo pake anachoka n'kukatsegula mafakitale awoawo. Boma linawathandiza ndi zinthu ziwiri zooneka zazing'ono: linalola kuti nsalu yodzasokedwa n'kutumizidwanso kunja ilowe popanda msonkho, ndiponso kuti mwini fakitale agule nsaluyo pa ngongole pogwiritsa ntchito kalata ya wogula wa kunja ngati chikole. Lero zovala zimabweretsa ndalama zoposa 80 pa 100 zilizonse zimene dzikolo limapeza pa malonda akunja, pafupifupi madola 40 biliyoni pachaka, ndipo mafakitalewo alemba anthu pafupifupi 4 miliyoni, ochuluka ndi amayi ochokera kumidzi. Pafupifupi theka la zovalazo limapita ku European Union. Mukapita pa kaunjika ku Limbe kapena ku Mchesi, tembenuzani kolala ya malaya angapo, dzina la Bangladesh mulipezapo.

Pa mankhwala anachitanso chimodzimodzi. Mu 1982 boma linakhazikitsa ndondomeko yatsopano ya mankhwala, imene Dr Zafrullah Chowdhury anaimenyera nkhondo kwambiri. Inachotsa pamsika mankhwala ambiri osafunika n'kupatsa mpata makampani a m'dzikomo. Mpata umenewo, pamodzi ndi ufulu uja wa mayiko osaukitsitsa, unabala makampani amene lero amapanga pafupifupi mankhwala onse amene anthu a ku Bangladesh amamwa, ena n'kugulitsa kunja. Pamene mankhwala a sofosbuvir, ochiza nthenda ya chiwindi ya hepatitis C, ankagulitsidwa madola 1,000 m'bulu umodzi ku America, kampani ya Incepta mu 2015 inapanga ake a mtengo wa pafupifupi madola 10. Mu Meyi 2020, mliri wa Covid-19 uli pachimake, Beximco inatulutsa remdesivir wake isanayembekeze chilolezo cha mwini wake, ndipo sinaphwanye lamulo lililonse.

Bangladesh inapambana pa miyezo yonse itatu mu 2018, n'kupambananso mu 2021. United Nations inaika 24 Novembala 2026 kukhala tsiku loti ituluke pamodzi ndi Nepal ndi Laos, itawapatsa zaka zisanu zokonzekera chifukwa cha mliri uja. Anthu anakondwera, ndipo m'pomveka. Koma eni mafakitale anayamba kuwerengera, ndipo mabungwe awo anayamba kupempha boma kuti tsikulo lisunthidwe. Taonani chimene ankaona. Malaya amene amalowa ku Ulaya mwaulere adzayamba kulipira msonkho wa 9.6 peresenti, mwinanso 12. Pa malonda a zovala, pamene wogula amatha kusamukira dziko lina chifukwa cha kusiyana kwa masenti ochepa, umenewo ndi msonkho wolemera. Nthawi yomweyo Vietnam, mpikisano wawo wamkulu, inasaina pangano la malonda ndi European Union limene linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo msonkho wake ukutsika chaka ndi chaka kulowera ku ziro. Wina akutsika, wina akukwera.

Lilipo khomo lina lotchedwa GSP Plus, limene Cabo Verde inalowerapo itatuluka. Kuti dziko liloweko liyenera kuvomereza ndi kutsatira mapangano 27 okhudza ufulu wa anthu, ufulu wa ogwira ntchito, chilengedwe ndi ulamuliro wabwino. Zimenezo ine ndikugwirizana nazo ndi mtima wonse, makamaka tikakumbukira anthu oposa 1,100 amene anafera m'nyumba ya mafakitale ya Rana Plaza itagwa mu Epulo 2013. Koma pali lamulo lina lobisika m'kati. Dziko losaukitsitsa limaloledwa kugula nsalu kulikonse, kuisoka, chovala n'kuwerengedwa kuti ndi chake. Dziko lotuluka liyenera kuwomba lokha nsaluyo. Fakitale yowomba nsalu imafuna magetsi osazimazima, madzi ambiri ndi ndalama zankhaninkhani. Simangidwa ndi zaka zitatu.

Pa mankhwala ndiye palibe n'komwe nthawi yopumira. Lamulo limati ufulu uja umatha mu 2033, kapena tsiku limene dziko latuluka m'gulu, chimene chayamba kufika. Mankhwala atsopano a khansa, a shuga kapena a mtima amene adzatulukiridwe pambuyo pa tsikulo adzakhala ndi mwini amene adzatchule yekha mtengo. Ndipo mayi wosoka malaya ku Gazipur, amene malipiro ake otsikitsitsa anakhazikitsidwa pa 12,500 taka pamwezi kumapeto kwa 2023, ndalama yongopitirira pang'ono madola 100, m'mawa wa tsiku lotulukalo adzadzuka ndi malipiro omwewo. Chimene chakwera ndi chiwerengero cha dziko lonse. Oda akachepa, woyamba kuuzidwa kuti akhale kaye kunyumba ndi iyeyo.

Tsono dziko lapansi lakonza chiyani? Tinene chilungamo, zilipo. European Union imapitiriza kulola katundu kulowa mwaulere kwa zaka zitatu dziko litatuluka, ndipo Britain inalemba zomwezo m'dongosolo lake la 2023. Banki ya luso ndi sayansi ya mayiko osaukitsitsa, imene ili ku Gebze m'dziko la Turkey, imathandizabe kwa zaka zisanu. Ndalama za ulendo wa ku New York zimapitirira zaka zitatu. United Nations ili ndi dongosolo lotchedwa iGRAD lopereka upangiri, ndipo dziko lililonse lotuluka limalimbikitsidwa kulemba ndondomeko ya mmene lidzayendere. Koma zazikuluzo zili m'manja mwa wopereka. Mu 2020 mayiko osaukitsitsa anapempha World Trade Organization kuti mwayi wonse wa malonda upitirire zaka 12 dziko litatuluka. Ataona kuti akukanidwa anatsitsa pempho lawo. Chimene chinatuluka mu Okutobala 2023 ndi chigamulo cholimbikitsa mayiko olemera kupereka nthawi yosinthira, osatchula kuti ndi zaka zingati, osakakamiza aliyense. Ku Abu Dhabi mu 2024 anawonjezera zaka zitatu za maphunziro a akatswiri ndi kufewetsa milandu ya zamalonda. Za mankhwala, chete.

Mlimi aliyense wa fodya ku Kasungu kapena ku Mchinji amadziwa kuti mbande sazizula pa nazale zili zanthete. Masabata omalizira amachepetsa madzi pang'onopang'ono, amadulira masamba, kuti mbande zikhwime, ndipo ngakhale zitakhwima amadikira mvula yokwanira kuti awokere. Akawokeranso amabwerera m'munda kukapachiza pamene zafa. Ndi mmene thandizo la dziko lotuluka liyenera kukhalira. Msonkho usalumphe kuchoka pa ziro kufika pa 12 tsiku limodzi. Ukwere pang'onopang'ono, kwa zaka zokwanira kuti munthu amange fakitale n'kubweza ngongole yake. Ndipo zaka zimenezo zilembedwe m'malamulo a malonda a dziko lonse, kuti wamalonda wa ku Dhaka, Kathmandu kapena Dakar azidziwa lero msonkho umene adzalipire zaka 8 zikubwerazi. Munthu sangaike ndalama zake pa chifundo chimene chingasinthe boma likasintha ku Brussels kapena ku London. Pa mankhwala, ine sindiona chifukwa chomveka choletsera dziko lotuluka kufika nawo mu 2033 ngati anzake. Makampani aakulu a mankhwala sapeza phindu lalikulu m'mayiko amenewa, pamene wodwala amene wasowa mankhwala amataya moyo.

Wina pakati panu akhoza kunditsutsa, ndipo ali ndi mfundo. Akhoza kunena kuti: bambo inu, mwayi umenewu unapangidwira osaukitsitsa. Bangladesh ikapitiriza kulowetsa zovala mwaulere, Malawi, Madagascar kapena Ethiopia adzalowera pati? Kodi si bwino wamkuluyo achoke kuti aang'ono apume? Ndi zoona kuti gululi likhala lopanda tanthauzo ngati palibe wotuluka, ndipo sindikupempha kuti dziko lililonse likhalemo muyaya. Koma oda amene adzachoke ku Chittagong sadzabwera ku Blantyre chifukwa choti msonkho wakwera uko. Adzapita ku Vietnam, ku India kapena ku China, kumene mafakitale ndi madoko alipo kale. Ndipo pali china choopsa kwambiri. Mayiko onse otsala akuyang'ana. Akaona kuti wogwira ntchito molimbika ndi amene amalangidwa, nduna za zachuma zidzayamba kuopa kupambana, ndi kufunafuna zifukwa zokhalira m'gulumo. Mmene adzachitire ndi Bangladesh ndi Nepal, ndi mmene adzachitire ndi ife.

Mbali imene imandiwawa kwambiri ndi ya nyengo. Kuyambira 2001 pali thumba lapadera lothandiza mayiko osaukitsitsa kudziteteza ku kusintha kwa nyengo. Dziko likatuluka, ntchito zimene zinavomerezedwa kale zimamalizidwa, koma latsopano silipemphanso kumeneko. Matumba ena monga Green Climate Fund amakhalabe otsegula, koma kumeneko limapikisana ndi mayiko aakulu okhala ndi akatswiri ambiri olemba mapempho. Vanuatu inatuluka mu Disembala 2020. Mu Malichi 2023 anamondwe awiri, Judy ndi Kevin, anaigunda motsatizana m'sabata imodzi, ndipo mu Disembala 2024 chivomerezi chinagwetsa nyumba mu likulu lake la Port Vila. Mphepo sinafunse kuti dzikoli lili pamndandanda uti. N'chifukwa chake Tuvalu ndi Kiribati, ngakhale akatswiri anati akhoza kutuluka, nkhani yawo yakhala ikusunthidwa: nyanja ikukwera pa mabwalo a nyumba zawo. Ndalama za nyengo ziyenera kutsata kumene kuli ngozi, osati dzina la gulu.

Ife Amalawi zimenezi sitichita kumva kwa wina. Msonkhano wachisanu wa mayiko osaukitsitsa unachitikira ku Doha, m'dziko la Qatar, kuyambira pa 5 mpaka pa 9 Malichi 2023, ndipo wapampando wa gulu lonse anali Malawi, kudzera mwa mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, Dr Lazarus Chakwera. Ndondomeko ya Doha, ya zaka za 2022 mpaka 2031, ikufuna kuti mayiko ena 15 akwaniritse zoyenereza kutuluka. Ya ku Istanbul ya 2011 inkafuna theka la mayiko onse pofika 2020, ndipo sizinatheke. Nthumwi zathu zitangobwerako ku Doha, sabata isanathe, namondwe Freddy anafika. Matope anatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, midzi ya ku Mulanje, Phalombe ndi Nsanje inakokoloka, ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Chaka chimodzi m'mbuyomo namondwe Ana anali ataononga damu la Kapichira, dziko n'kukhala mumdima miyezi yambiri. Milatho, sukulu ndi magetsi zimene zikanatikweza pa miyezo itatu ija, zinapita ndi madzi m'masiku owerengeka.

Chikuwonjezera nkhawa n'chakuti mayiko akutuluka pa nthawi imene dzanja lopereka likufupika. Mu 2025 boma la America linatseka bungwe la USAID, ndipo Britain inalengeza kuti pofika 2027 thandizo lake litsika kufika pa 0.3 peresenti ya chuma chake. Apa ndifotokozeponso chinthu chimene ambiri amasokoneza. World Bank ndi IMF sagwiritsa ntchito mndandanda wa United Nations pogawa ngongole zofewa, ali ndi miyezo yawo. Choncho kutuluka m'gululi pakokha sikutseka khomo la World Bank. Vuto n'lakuti ndalama za dziko zikamakwera, makomo onsewa amayamba kutsekeka pa nyengo imodzi, dziko n'kuthamangira kwa obwereketsa a chiwongoladzanja chokwera.

Abale athu a ku Chipata, Katete ndi Lusaka akuidziwa bwino njira imeneyo. Zambia inakwaniritsa zoyenereza kutuluka koyamba mu 2021. Koma panthawiyo inali italephera kale, mu Novembala 2020, kulipira ngongole imene inatenga pa misika ya ndalama ya kunja, ndipo kwacha yake inali itagwa. Akatswiri atakhalanso pansi mu 2024 anapeza kuti ndalama za munthu mmodzi zatsika pansi pa mlingo, Zambia n'kubwerera poyambira. Chaka chomwecho chilala chinaumitsa chimanga, madzi a ku Kariba n'kutsika mpaka magetsi kumazima pafupifupi tsiku lonse. Dziko lodalira kopa limakwera ndi mtengo wa kopa n'kutsika nawo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ngakhale Botswana, imene inatuluka yoyamba mu 1994 ndipo timaitamanda moyenera chifukwa chosamala ndalama za dayamondi wa ku Orapa ndi Jwaneng, yagwedezeka tsopano pamene dayamondi wopangidwa m'mafakitale wagwetsa mitengo. Mu Ogasiti 2025 Pulezidenti Duma Boko analengeza kuti dzikolo lili pa ngozi ya zaumoyo chifukwa zipatala zinalibe mankhwala. Patha zaka zoposa 30 chitulukireni, koma mwendo woimirira ukadali umodzi. Equatorial Guinea inatuluka mu 2017 chifukwa cha ndalama za mafuta zokha, anthu ake ambiri akadali paumphawi. Bhutan inatuluka mu 2023 ndi magetsi amene imagulitsa ku India, koma achinyamata ake ophunzira akukhamukira ku Australia kukafuna ntchito. Thandizo lenileni kwa dziko lotuluka ndi limene limalithandiza kupeza mwendo wachiwiri ndi wachitatu: magetsi, njanji, madoko, sukulu za ntchito zamanja, ndi ngongole za nthawi yaitali kwa amalonda a m'dzikomo. Upangiri ndi misonkhano ya m'mahotela sizingalowe m'malo mwa zimenezi.

Ndisamalize ndikuloza chala kunja kokha. Masomphenya a Malawi 2063 akuti tidzakhale dziko lopeza bwino, koma ndalama za Mmalawi mmodzi pachaka zikadali pafupifupi theka la mlingo wotulukira uja. Tsiku lathu lili kutali. Chimene chili pafupi ndi mwayi umene tili nawo m'manja lero. Khomo la ku Ulaya lakhala lotsegukira pafupifupi katundu wathu yense kuyambira 2001, ndipo ife tikulowetsabe fodya, shuga, tiyi ndi makademiya, zambiri zosakonzedwa. Thonje la ku Chikwawa, Balaka ndi Salima limatuluka lili m'mabelo, ife n'kumavala kaunjika. Mtedza wa Chalimbana unali ndi mbiri ku Ulaya, koma msikawo tinautaya, mwa zina chifukwa cha chuku, vuto limene limathetsedwa ndi kaumitsidwe kabwino, nkhokwe zabwino ndi malo oyezera odalirika. Msonkho si umene ukutitsekereza. Ndi magetsi, mtengo wonyamulira katundu kupita ku Beira ndi Nacala, kusowa kwa ndalama zakunja zogulira makina, ndi malamulo osinthasintha amene amaopseza wofuna kumanga fakitale. Bangladesh sinapatsidwe mwayi woposa wathu. Inalemba malamulo awiri atatu oyenera, n'kuwasunga zaka zambiri, maboma akusintha.

Ufulu wa mankhwala uja utha pa 1 Januwale 2033 ngati sudzawonjezeredwa, ndipo ife, Zambia, Mozambique ndi Tanzania tonse tili nawo. Aphungu athu afunse unduna wa zamalonda ndi wa zaumoyo kuti zaka zatsalazi tizigwiritsa ntchito bwanji, kaya patokha kaya mogwirizana ndi anansi athu mu SADC, chifukwa fakitale ya mankhwala imafuna msika woposa wa dziko limodzi. Ndipo nthumwi zathu ku Geneva ndi ku New York zisatope kuima ndi mayiko amene akutuluka pa pempho la zaka zolembedwa m'malamulo. Solomon Islands yapatsidwa 2027, Cambodia ndi Senegal 2029. Rwanda, Uganda ndi Tanzania anapambana koyamba mu 2024, ndipo akatswiri adzawayezanso mu 2027. Akadzapambananso, dziko limene tili nalo malire ku Songwe, limene doko lake la Dar es Salaam limatilandirira mafuta ndi feteleza, lidzayamba kuwerenga zaka zake zokonzekera, ndipo malamulo amene lidzawapeze pakhomopo ndi amene akukambidwa panopa.